Leonard Kamungu, wansembe wa ku Msoro

Amayi anzanga a Chigwirizano, makamaka inu a kwa Nyampande ndi kwa Sandwe, muli pafupi ndi Msoro kuposa ambiri a ife. Mukalowera chakumpoto chakum'mawa, dziko limatsika kupita kuchigwa cha Luangwa. Kumeneko mu Okutobala kumatentha ngati ng'anjo, ndipo mvula ikagwa mtsinje wa Lupande umadzaza n'kutseka njira. M'dera la Akunda limeneli ndimo mudagwira ntchito munthu amene ndifuna mumudziwe, ngakhale sanali wa mpingo wathu.

Leonard Kamungu anali Mchewa. Adabadwa m'chaka cha 1877 ku Chia, pafupi ndi Nkhotakota, m'mbali mwa nyanja ya Malawi, masiku amene malonda a akapolo anali asanathe m'deralo. Amishoni a Anglican a bungwe la UMCA adamtumiza kukaphunzira ku Kiungani, pachilumba cha Zanzibar. Adakhala dikoni mu 1902, nadzozedwa unsembe mu 1909. Kumbukirani kuti kwathu kuno m'busa woyamba wa dziko lino, abusa Justo Mwale, adadzozedwa mu 1929, patapita zaka 20.

Mu 1910 Bishopu John Hine adapatsidwa dayosizi yatsopano ya Northern Rhodesia, koma antchito anali ochepa. Kamungu adavomera kusiya kwawo kunyanja, ndipo pofika 1911 anali atakhazikika pa Msoro. Sadakwatire. Ndimaganiza kawirikawiri za chimenechi: mlendo wopanda mkazi, wopanda mbumba, pakati pa anthu amene amafunsa kaye za amalume ako asanakukhulupirire. Chifukwa cha kashembe, ulendo m'chigwamo unali wapansi. Iye ankayenda mudzi ndi mudzi, kupempha malo kwa mafumu, kuika aphunzitsi ndi kutsegula timasukulu ta udzu, mpaka kufikira midzi ya Ansenga.

Apa mpamene mbiri yake ikhudzana ndi yathu. Amishoni a Dutch Reformed anali atayamba pa Magwero mu 1899 ndi pa Nyanje mu 1905, ndipo nawonso ankafuna midzi yomweyo. Masiku amenewo sukulu ndiyo inali khomo la mpingo: amene wayamba kuika mphunzitsi m'mudzi, mudziwo ndi wake. Choncho panali kulimbirana, ndipo sikuti nthawi zonse kunali kwachikondi. Mukaona mudzi wina uli wa Anglican pamene woyandikana nawo uli wa Reformed, anthu ake a mtundu umodzi ndi okwatirana, nthawi zambiri muzu wake ndi umenewu. Agogo athu sadasankhe pakati pa makatekisimu awiri. Adalandira mphunzitsi amene adafika.

Kamungu sadakhalitse. Adamwalira pa Msoro mu Febuluwale 1913, ali ndi zaka pafupifupi 36, ndipo ambiri amakhulupirira kuti adathiridwa mankhwala akupha m'chakudya. Ntchito yake kumeneko inali ya zaka ziwiri zokha.

Siteshoni yaing'onoyo idakula. Tchalitchi cha Luka Woyera pa Msoro chidadzakhala katidirolo ya dayosizi ya Anglican ya Eastern Zambia, ndipo ku Zomba, m'dziko lakwawo, sukulu yophunzitsa ansembe idapatsidwa dzina lake.