Papa Inocêncio III ndi zovala za pa Misa

Mwina munaonapo wansembe atavala cobiriwira sabata ino, sabata ina n'kuvala coyera kapena cofiira. Kodi amangosankha cimene cam'sangalatsa? Ayi ndithu. Mwambo umenewu ndi wakale, ndipo mmodzi mwa anthu oyamba kuulemba momveka bwino anali Lotario, wa banja lolemera la ku Segni, ku Italy.

Lotario anabadwa ca m'ma 1160. Anaphunzira ku Paris, kenako ku Bologna, ndipo mu 1190 anakhala kadinala. Pa nthawi imeneyo analemba buku la Cilatini lofotokoza Misa ndi zovala zake, monga mmene Mpingo wa ku Roma unkacitira. Coyera cinali ca masiku a cikondwerero monga Khirisimasi ndi Pasaka. Cofiira cinali ca Pentekoste ndi ca okhulupirira amene anakhetsa magazi cifukwa ca cikhulupiriro cao. Cakuda cinali ca maliro ndi ca nyengo yolapa, pamene cobiriwira cinali ca masiku wamba. Anthu ambiri pa nthawiyo sankadziwa kuwerenga, komanso Misa inkacitika m'Cilatini. Conco mtundu wa covala unkawauza kuti lero ndi tsiku lotani.

Mu Januwale 1198 anasankhidwa kukhala Papa ali ndi zaka 37 zokha, natenga dzina loti Inocêncio III. Anali wamphamvu zedi, moti ngakhale mafumu ankamuopa. Mu 1215 anaitanitsa msonkhano waukulu ku Latrão, ku Roma, kumene kunafika mabishopu oposa 400. Msonkhanowo unaletsa ansembe kuyenda atavala nsalu zofiira kapena zobiriwira, ndiponso kukongoletsa akavalo ao ndi golide. Koma unalamulanso kuti Ayuda ndi Asilamu okhala m'maiko a Cikhristu azivala mosiyana ndi Akhristu. Lamulo limeneli linazunzitsa Ayuda kwa zaka mazana ambiri, cifukwa covala cinasanduka cizindikiro cowasala naco.

Inocêncio anamwalira ku Perugia pa 16 Julaye 1216. Thupi lake analiveka zovala za mtengo wapatali n'kuligoneka m'chalichi. Usiku kunabwera akuba, n'kumuvula zonse. Mlaliki wina dzina lake Jacques de Vitry, amene anafika mumzindawo maliro asanaikidwe, analemba m'kalata kuti anapeza mtembo wa Papayo uli pafupifupi wamaliseche, utayamba kale kununkha.

Tangoganizani: munthu amene anauza ansembe a ku Ulaya konse zoti avale ndi zoti asavale, anagona m'chalichi wopanda comufunda. Koma zimene analemba zija sizinabedwe. Mpaka lero, kaya ndi ku Roma, ku Tete kapena ku Lichinga, wansembe amavala coyera pa Pasaka, cofiira pa Pentekoste, ndi cobiriwira pa masabata wamba.