George Orwell ndi Dziko la Oceania

Dziko la Oceania simungalipeze pa mapu, pakuti analipeka ndi Eric Arthur Blair, amene timamdziwa ndi dzina lakuti George Orwell. Komatu ulamuliro wa dzikolo sanautole m'maloto ayi.

Iyeyu anabadwira ku Motihari, ku India, m'chaka cha 1903. Ataphunzira ku Eton, mu 1922 analowa upolisi wa atsamunda ku Burma, kumene anakhala zaka zisanu akulamula anthu m'dziko la eni ake, kufikira ntchitoyo inamnyansa nailekeratu.

Phunziro lalikulu analipeza ku Spain. Kumapeto kwa 1936 anapita kukamenyana ndi asilikali a Franco, ndipo mu Meyi 1937 chipolopolo chinampyoza pakhosi. Asanachire n'komwe, gulu lake la POUM linaletsedwa, Achikomyunisti otsata Stalin atalinamizira kuti ndi akazitape a Franco. Anzake ena anafera m'ndende. Iye anathawira ku France. Chimene chinamdetsa nkhawa koposa ndi nyuzipepala, zimene zinkasimba zosiyana kotheratu ndi zimene iye anaona ndi maso.

Zimenezi ndizo anamangira Oceania m'buku la Nineteen Eighty-Four. Chiphunzitso cha dzikolo, chotchedwa Ingsoc, chimafuna kuti munthu akonde Chipani ndi mtsogoleri wake, Big Brother, kuposa mkazi kapena mwana wake. Mdani sasowa: lero ndi Eurasia, mawa ndi Eastasia, ndipo akasintha, Winston Smith ndi anzake amalembanso nyuzipepala zakale kuti zionetse ngati mdaniyo ndi wachikhalire. Nkhondoyo cholinga chake si kupambana, koma kuti anthu akhalebe ndi njala ndi mantha. Ife aphunzitsi chotiopsa kwambiri ndi Newspeak, chiyankhulo chimene mawu ake amachepetsedwa chaka ndi chaka, kuti pamapeto pake wofuna kutsutsa asowe mawu oganizira. Ndiona kuti pamenepa Orwell anaposa alembi anzake: anazindikira kuti boma lotere likalanda kukumbukira, silifunanso apolisi ambiri.

Bukuli analilemba pa chilumba cha Jura, ku Scotland, chifuwa chachikulu chikumudya. Linatuluka mu Juni 1949. Pa 21 Januwale 1950 anamwalira m'chipatala ku London, ali ndi zaka 46.