Harry Mwaanga Nkumbula, Mwana wa Sukulu ya ku Kafue

Mtsinje wa Kafue, umene asodzi a ku Chanyanya amaponyamo maukonde ao, umayamba wadzera ku dziko la Namwala, kwao kwa Aila, anthu ochuka ndi kuweta ng'ombe. Kumeneko, m'mudzi wa Maala, ndiko kunabadwira Harry Mwaanga Nkumbula pa zaka za Nkhondo Yaikuru yoyamba. Mbiri yao iyenera kudziwika kwa makolo onse amene ana ao alakalaka kukaphunzira kutsidya la nyanja, pakuti isonyeza phindu la ulendo wotere pamodzi ndi zoopsa zace.

Atayamba maphunziro m'sukulu za mishoni ya Methodist kwao, a Nkumbula anadza ku Kafue Training Institute. Sukuluyi inatsegulidwa m'caka ca 1918 ndi amishoni a Primitive Methodist, ndipo mkuru wace woyamba anali Mbusa John Fell. Anyamata ankaphunzira kuwerenga ndi Mau a Mulungu, ndiponso kulima, kupala matabwa ndi kumanga, popeza amishoni anafuna kuti mphunzitsi wa kumudzi akhale wodziwa nchito ya manja. Lero pamalopo pali Kafue Boys Secondary School. A Nkumbula anatsiriza Standard 6 m'caka ca 1934, nayamba nchito ya uphunzitsi kwao ku Namwala.

Pambuyo pace anapita ku migodi ya mkuwa, nakaphunzitsa ku Mufulira ndi ku Kitwe. Kumeneko anaona ndi maso ao tsankho la masiku aja. Munthu wakuda ankagulira nyama pa zenera, ndipo malipiro ace anali ocepa kutalitali poyerekeza ndi a Mzungu. Anagwirizana ndi anzao poyambitsa Kitwe African Society, bungwe lonenera anthu madandaulo ao kwa Boma.

Masiku amenewo m'dziko la Northern Rhodesia munalibe yunivesite. Sukulu ya sekondale ya Munali inali itangoyamba m'caka ca 1939, ndipo University of Zambia inadzatsegulidwa mocedwa, m'caka ca 1966. Cifukwa cace munthu wofuna maphunziro apamwamba anayenera kusiya kwao. M'caka ca 1946 a Nkumbula anacoka ku sukulu ya aphunzitsi ya Chalimbana kunka ku Makerere College ku Uganda. Amene anawathandiza pa ulendowu anali Sir Stewart Gore-Browne wa ku Shiwa Ng'andu, amene ankaimirira anthu akuda m'bwalo lopanga malamulo. Kucokera ku Makerere anapitirira kumpoto, nakafika ku Mangalande, nalowa mu Institute of Education ya University of London, kumene aphunzitsi a m'maiko ambiri ankadza kudzanola luso lao.

Moyo wa kumeneko sunali wapafupi kwa munthu wokulira m'madambo otentha a Kafue. Nkhondo Yaikuru yaciwiri inali itangotha m'caka ca 1945. Nyumba zambiri za mu London zinali mabwinja, ndipo nyama, shuga ndi mafuta zinkagulidwa mwa muyeso ndi makadi a Boma. Pa nyengo ya cisanu dzuwa limalowa kumeneko isanakwane 4 koloko madzulo, ndipo nkhungu yosakanizika ndi utsi wa malasha inkaphimba mzinda masiku angapo. Ophunzira akuda ankavutika kupeza cipinda cogona, pakuti eni nyumba ambiri ankawakana. Kalata yocokera kwao inkatha masabata pa njira, ndipo maliro a mbale munthu ankawamva mwambo utatha kale.

Ngakhale zinali tero, a Nkumbula anapambana mayeso ao a uphunzitsi, nalandira dipuloma. Pamenepo anapatsidwa thandizo lina kuti aphunzire za cuma ca maiko pa London School of Economics.

Mu London momwemo munali Dr. Hastings Kamuzu Banda wa ku Kasungu. Iwo anali atalandira kale udokotala ku Meharry Medical College ku America m'caka ca 1937, koma popeza Boma la Britain linkafuna zikalata za kwao, anapita kumpoto ku Edinburgh m'dziko la Scotland, natsiriza m'caka ca 1941. Nyumba yao ku London inasanduka bwalo la ophunzira a ku Africa. Pa nthawiyo Azungu a ku Southern Rhodesia ndi Northern Rhodesia anali kupangana zolumikiza maiko awiriwa ndi Nyasaland mu Citaganya. M'caka ca 1949 a Banda ndi a Nkumbula analemba pamodzi cikalata cotsutsa maganizo amenewo, posonyeza kuti Citaganya cidzabweretsa kumpoto kwa Zambezi malamulo a tsankho a ku Salisbury.

Apa ndipo panagona vuto. Nthawi imene inayenera kuthera pa mabuku inathera pa misonkhano, ndipo mayeso atafika a Nkumbula sanapambane. Kuciyambi kwa caka ca 1950 anabwerera kwao opanda digiri imene anapitira. Kwa munthu amene mtundu wonse unali kumuyembekeza, ici cinali cinthu cowawa.

Koma dzanja silinabwere lopanda kanthu. Anabwera akudziwa kayendedwe ka Boma la Britain, kalembedwe ka zikalata zopita kwa nduna, ndi kayendetsedwe ka cipani. M'caka ca 1951 anasankhidwa kukhala mtsogoleri wa Northern Rhodesia African Congress, imene inadzachedwa African National Congress. M'caka ca 1953 anatentha poyera mu Lusaka cikalata ca Boma conena za Citaganya, naitanitsa masiku awiri a mapemphero m'dziko lonse. Anchito ambiri a ku migodi sanatsate ciitanoco, ndipo Citaganya cinayamba caka comweco. M'caka ca 1955 iwo ndi mlembi wao, a Kenneth Kaunda, anamangidwa miyezi iwiri cifukwa copezeka ndi mabuku oletsedwa.

M'caka ca 1958 acinyamata a m'cipani, poona ngati mtsogoleri wao ayenda pang'onopang'ono, anapatuka pamodzi ndi a Kaunda. Tsiku lalikuru la a Nkumbula linadza pambuyo pa cisankho ca 1962. Cipani ca Citaganya, United Federal Party, cinapata mipando 16, UNIP ya a Kaunda 14, ndipo Congress 7. Palibe amene akanapanga Boma popanda iwo, ndipo mbali zonse ziwiri zinawakopa. A Nkumbula anasankha kugwirana manja ndi anthu omwe anawasiya, motero dziko linakhala ndi Boma loyamba lotsogozedwa ndi anthu akuda. Mphunzitsi wa ku Kafue uja anakhala nduna ya maphunziro a anthu a mu Africa. Citaganya cinatha pa 31 December 1963, ndipo Zambia inalandira ufulu pa 24 October 1964.

Pambuyo pa ufulu anatsogolera mbali yotsutsa Boma kufikira caka ca 1973, pamene anasaina pangano la ku Choma nalowa mu UNIP. Anamwalira pa 8 October 1983. Bwalo la ndege la ku Livingstone linapatsidwa dzina lao.

Mwana wa msodzi kapena wa mlimi amene apeza mwai wokaphunzira ku maiko ozizira a kumpoto akumbukire zinthu ziwiri za munthu ameneyu. Coyamba, mayeso salemekeza munthu cifukwa ca kukoma kwa zolinga zace. Wonyalanyaza mabuku amagwa, ngakhale ali wanzeru. Caciwiri, a Nkumbula sanabisale kunja cifukwa ca manyazi, monga acitira ena. Anabwerera kwa anthu ao ndi cimene anali naco, nawatumikira naco zaka zoposa makumi atatu. Makolo amene agulitsa ng'ombe kapena nsomba kuti mwana apite, apempherere zonse ziwiri: kuti akatsirize cimene wapitira, ndi kuti akakumbuke njira ya kwao.