Bambo Flanagan, Tate wa Ana Osowa pa Masiku a Nkhondo

Bambo Edward Flanagan adabadwira ku Ireland m'chaka cha 1886. Adaoloka nyanja kunka ku America mu 1904, nalandira unsembe mu 1912. M'mwezi wa Disembala 1917, nkhondo yoyamba ya dziko lonse ili mkati, adatsegula nyumba mu mzinda wa Omaha yolereramo anyamata amasiye ndi osowa pogona. Pambuyo pake nyumbayo idasamukira kunja kwa mzinda, nisanduka mudzi wotchuka wa Boys Town, kumene ankalandira ana osayang'ana khungu kapena chipembedzo chao.

Mtima wa wansembeyu udaonekera kwenikweni pa nkhondo yachiwiri. Pa 7 Disembala 1941 ndege za Japan zidaphulitsa doko la Pearl Harbor, ndipo America adalowa m'nkhondo. Anyamata mazanamazana amene adakulira m'manja mwa Bambo adapita ku usilikali. Pakuti ambiri adalibe makolo, polembetsa ankatchula Bambo Flanagan ngati mbale wao weniweni. Tsono mwana akafera ku nkhondo, uthenga wa maliro unkafikira kwa iwo.

Kumudzi nako kudali mantha ndi chidani. Mu 1942 boma la Pulezidenti Roosevelt lidachotsa m'nyumba zao anthu pafupifupi 120,000 a mtundu wa Chijapani, niliwatsekera m'misasa yozingidwa ndi waya waminga, chonsecho ambiri mwa iwo adali mbadwa za America. Bambo Flanagan adatsutsa zimenezi. Adaitana ena mwa otsekeredwawo kuti adzakhale ku Boys Town, nawapatsa ntchito ndi pokhala pamodzi ndi mabanja ao. Taganizani, abale: munthu wolira ana ake ophedwa pa nkhondo ndiye adatsegulira khomo anthu amene anzao ankawayesa adani. Sadalole kuti chisoni chake chisanduke chidani pa anthu osalakwa.

Itatha nkhondo, mu 1947, adapita ku Japan ndi ku Korea kukaona ana amasiye ndi kulangiza za kaleredwe kao. Chaka chotsatira adanka ku Ulaya pa ntchito yomweyo, ndipo adamwalira ndi nthenda ya mtima mu mzinda wa Berlin pa 15 Meyi 1948. Thupi lao lidaikidwa ku Boys Town. Mu 2012 Arkidayosizi ya Omaha idayamba kufufuza za moyo wao, kuti Eklezia aone ngati nkoyenera kuwawerengera pamodzi ndi oyera.