RICHARD ALLEN: KAPOLO AMENE ANADZIWOMBOLA NAKHALA BISHOPU

Pa 14 Febuluwale 1760 kunabadwa mwana wamwamuna dzina lake Richard, ndipo kuyambira tsiku lomwelo iye anawerengedwa pa chuma cha Benjamin Chew, loya wotchuka wa mu mzinda wa Philadelphia ku America. Makolo ake anali akapolo, tsono malinga ndi malamulo a masiku amenewo mwanayonso anali kapolo. Richard adakali wamng'ono, banja lonse linagulitsidwa kwa mlimi wina, Stokeley Sturgis, amene ankakhala kufupi ndi Dover m'dera la Delaware. Ngongole zitamupanikiza mlimiyo, iye anagulitsa mayi a Richard pamodzi ndi ana atatu, ndipo mnyamatayo anatsala ndi mkulu wake ndi mlongo wake basi.

M'chaka cha 1777, ali ndi zaka 17, Richard anatembenuka mtima atamva alaliki a Methodist, gulu limene John Wesley analiyambitsa ku England. Alalikiwa ankaphunzitsa kuti Khristu anafera anthu onse, osati osankhidwa owerengeka, ndi kuti chisomo cha Mulungu chimafikira munthu aliyense, kumupatsa mphamvu yakulapa ndi kukhulupirira. Kwa munthu amene anali ataona mayi ake akugulitsidwa ngati mbuzi, mawu amenewa anali olemera, pakuti ankatanthauza kuti kapolo ndi mbuye wake ali ndi khomo limodzi lolowera kwa Mulungu. Richard ndi mkulu wake anayamba kusonkhana ndi akhristu anzawo m'nkhalango, ndipo anapangana kugwira ntchito mwakhama koposa kale, kuti wina asapeze ponenera kuti chipembedzo chimachititsa ulesi akapolo.

Mu 1779 mlaliki Freeborn Garrettson, amene anali atamasula akapolo ake, analalika m'nyumba mwa Sturgis za mfumu ya m'buku la Danieli imene inayesedwa pa sikelo n'kupezeka yoperewera, nalozetsa fanizolo kwa osunga akapolo. Chikumbumtima chinamutsutsa Sturgis, nalola kuti anyamatawo adziwombole ndi madola 2,000 a ndalama zamapepala za nthawi ya nkhondo. Richard anadula nkhuni, anaumba njerwa, anayendetsa ngolo za mchere, ndipo mu 1783 anatsiriza kulipira. Atakhala mfulu anadzisankhira dzina lachiwiri loti Allen.

Kwa zaka zingapo Allen anayendayenda nalalikira kwa azungu ndi akuda omwe. Francis Asbury, mtsogoleri wa Methodist ku America, anamupempha kuti apite naye kumadera akummwera, koma anamuchenjeza kuti sadzaloledwa kucheza ndi akapolo, ndi kuti nthawi zina azidzagona m'ngolo. Allen anakana. Mu 1786 anakhazikika ku Philadelphia, kumene tchalitchi cha St. George's chinamupatsa mpata wolalika nthawi ya 5 koloko m'mamawa. Anthu akuda anachuluka pa mapemphero. Mu Epulo 1787 iye ndi mnzake Absalom Jones anakhazikitsa bungwe la Free African Society, kumene mamembala ankasonkha ndalama zothandizira odwala, amasiye ndi maliro.

Kuchuluka kwa akuda sikunawakomere akuluakulu a St. George's, ndipo anayamba kuwapatula pokhala. Lamulungu lina mpingo uli chogwada, mkulu wina anamugwira Jones namukoka kuti achoke pamene anagwadapo. Jones anapempha kuti pemphero liyambe latha, koma sanamumvere. Pemphero litatha, akuda onse ananyamuka natuluka pamodzi. Mbiri ya mpingo imatchula chaka cha 1787, ngakhale akatswiri ambiri a mbiri yakale amaika nkhaniyi mu 1792.

Mu 1793 mliri wa yellow fever, nthenda yofala ndi udzudzu, unapha anthu pafupifupi 5,000 mu mzindawo. Olemera atathawa, Allen ndi Jones anasonkhanitsa akuda kuti adwazike odwala ndi kuika maliro, ndipo Allen mwini anadwala mwakayakaya. Malipiro awo anali miseche, pakuti wosindikiza mabuku Mathew Carey analemba kuti ena mwa iwo ankabera odwala. Mu 1794 awiriwa anasindikiza kabuku komuyankha, nafotokoza ntchito imene anagwira ndi ndalama zawo zimene anataya.

Pa nthawi yomweyo panabuka funso la chiphunzitso. Ambiri mwa amene anatuluka mu St. George's anasankha kulowa mpingo wa Episcopal, mbale wake wa Anglican, ndipo anapempha Allen kuti akhale mbusa wawo. Iye anakana, udindowo nupita kwa Jones. Allen ankaona kuti amene anamulakwira ndi anthu, koma chiphunzitso cha Methodist chinalibe mlandu, ndiponso kuti ulaliki wake wosazungulira unali woyenera anthu amene anamanidwa sukulu. Anagula nyumba yosuliramo zitsulo, naikoka ndi akavalo mpaka pamalo ake, naisandutsa tchalitchi chotchedwa Bethel. Asbury anachipatula pa 29 Julaye 1794, ndipo mu 1799 anadzoza Allen kukhala dikoni.

Komabe akuluakulu achizungu ankafuna kulamulira nyumbayo ndi guwa lake. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha: Allen analimbana nawo zaka zoposa 20, kufikira bwalo lalikulu la milandu la Pennsylvania linagamula mokomera Bethel kumayambiriro kwa 1816. Mu Epulo chaka chomwecho nthumwi za mipingo ya akuda zinakumana ku Philadelphia ndi kukhazikitsa African Methodist Episcopal Church, mwachidule AME. Pa 11 Epulo Allen anadzozedwa kukhala bishopu wake woyamba, ndipo Absalom Jones anali mmodzi mwa amene anamusanjika manja.

Buku la malamulo a mpingowu, limene linatuluka mu 1817, linasunga mfundo 25 za chikhulupiriro cha Methodist. Mfundozi Wesley anazidula kuchokera ku mfundo 39 za Anglican, natsala ndi 24, ndipo Amereka anaonjezapo imodzi yokhudza boma lawo. Zimaphunzitsa kuti Mulungu ndi mmodzi mwa atatu, Atate, Mwana ndi Mzimu Woyera. Kuti m'Baibulo muli zonse zofunika pa chipulumutso. Kuti munthu amabadwa ndi mtima wopotoka ndipo sangatembenuke ndi mphamvu zake zokha popanda chisomo. Ndi kuti amayesedwa wolungama mwa chikhulupiriro, ntchito zabwino nkukhala zipatso zake. Masakramenti ndi awiri, ubatizo ndi mgonero. Ana amabatizidwa, akhristu onse amalandira mkate ndi chikho chomwe, abusa ali ndi ufulu wokwatira, ndipo mapemphero ayenera kuchitika m'chilankhulo chimene anthu akumva.

Pa makhalidwe, mpingowu unatsata malamulo atatu a Wesley: kusachitira wina choipa, kuchita zabwino, ndi kusaleka mapemphero ndi masakramenti. Akhristu ankagawidwa m'timagulu ta anthu pafupifupi 12 tokumana mlungu uliwonse, kuti azilangizana ndi kukula m'chiyero. Pa nkhani ya ukapolo, pamene Methodist ya azungu inali itayamba kufewetsa malamulo ake, AME inakana kulandira munthu wosunga akapolo.

Allen ndi mkazi wake Sarah ankabisa m'nyumba mwawo akapolo othawa. Mu 1817 msonkhano waukulu wa ku Bethel unakana ganizo lotumiza akuda aufulu ku Africa, poti dziko la America linamangidwa ndi thukuta lawo. Mu 1819 iye analola mayi Jarena Lee kulalikira, pamene zaka za m'mbuyo anali atamukaniza. Mu Sepitembala 1830 anatsogolera msonkhano woyamba wa atsogoleri akuda ochokera m'madera osiyanasiyana. Anamwalira pa 26 Malichi 1831, ndipo manda ake ali pansi pa tchalitchi chimene tsopano chimatchedwa Mother Bethel.

Mpingowu unafika ku South Africa mu 1896, pamene Ethiopian Church ya Mangena Mokone inaphatikana nawo. Kumeneko ndiko Hanock Msokera Phiri wa ku Kasungu anaupeza, ndipo mu 1924 anabwera nawo ku Nyasaland, natsegula misheni ndi sukulu ku Mdabwi. Mphwake, Hastings Kamuzu Banda, anapita ku America mu 1925 ndi chithandizo cha mpingo womwewu, nakayamba maphunziro ake pa sukulu yawo ya Wilberforce ku Ohio.