Albert Michelson, Katswiri Woyesa Kuwala

Albert Michelson anabadwa m'caka ca 1852 ku Strzelno, m'dziko limene lero ndi Poland, koma anakulira ku America, naphunzira usilikali wa pamadzi ku Annapolis. Mtima wace wonse unali pa kuwala.

Mu 1881 anapanga cipangizo cochedwa interferometer. Galasi ligawa kuwala pawiri, magawowo ayenda njira zosiyana, nabwerera kudzakomana. Limodzi likacedwa ngakhale pang'onong'ono, mizere yowala ndi yakuda imene ioneka pokomanapo isuntha. Masiku amenewo akatswiri ankakhulupirira kuti kuwala kumayenda m'cinthu cosaoneka, dzina lace ether. Michelson ndi Edward Morley anacifunafuna ku Cleveland mu 1887, osacipeza konse. Iye anakhumudwa, cikhalireco nchito yace yochuka koposa ndi yomweyo. Analandira mphotho ya Nobel mu 1907, namwalira ku Pasadena mu 1931.

Laser, imene inapangidwa mu 1960, sanaione. Koma pambuyo pace, ku Imperial College ku London, akatswiri anafwamphula mpweya wotentha koopsa wochedwa plasma, kutsanzira umene utuluka m'nyenyezi zongobadwa kumene, napyoza mpweyawo ndi kuwala kwa laser. Kusuntha kwa mizere ija kunawauza kuculuka kwa maelekitironi m'menemo.