G. K. CHESTERTON NDI WANSEMBE WOGWIRA MBALA

Gilbert Keith Chesterton anabadwa pa 29 May, 1874 ku Kensington, mu mzinda wa London ku England, ndipo anabatizidwa mu mpingo wa Anglican. Anaphunzira pa St Paul's School, kenaka analowa Slade School of Art kukaphunzira zojambula, koma sanamalize. Anayamba kulemba m'manyuzipepala, ndipo kulembako ndi kumene kunamudyetsa moyo wake wonse. M'chaka cha 1901 anakwatira Frances Blogg. Anali chimunthu chachitali, chonenepa ndi choiwalaiwala, moti tsiku lina ali paulendo anatumiza telegalamu kwa mkazi wake kufunsa kumene iye amayenera kukhala tsikulo.

Ku Yorkshire, Chesterton anapalana ubwenzi ndi wansembe wa Katolika, Bambo John O'Connor. Tsiku lina akuyenda, wansembeyu anamufotokozera zoipa zina zimene anthu amachita mseri, zimene Chesterton, ngakhale anali mtolankhani wa mu London, anali asanazimvepo. Atafika kunyumba, anamva anyamata awiri a ku yunivesite ya Cambridge akunena kuti ansembe ndi anthu otsekeredwa, osadziwa kuipa kwa dziko. Chesterton anaseka chamumtima. Apa ndi pamene anaganiza zolemba za wansembe wooneka ngati wopusa, koma wodziwa za upandu kuposa achifwamba eniake. Anamutcha Bambo Brown.

Nkhani yoyamba ya Bambo Brown, The Blue Cross, inatuluka m'chaka cha 1910. Valentin, mkulu wa apolisi a ku Paris, wafika ku England kulondola Flambeau, mbala yaitali yodziwa kudzibisa. Mu London muli msonkhano waukulu wa Ukaristia. M'sitima Valentin akuona kawansembe kakafupi kochokera ku Essex, kamene ambulera yake ikungogwagwa, ndipo kakuuza aliyense kuti kanyamula chinthu cha siliva chokhala ndi miyala yabuluu. Atafika mu mzindawo, wapolisiyu akupeza zodabwitsa: m'nyumba yodyera mchere uli m'mbale ya shuga ndipo khoma lathiridwa supu, pa golosale mitengo ya malalanje ndi ya mtedza yasinthanitsidwa, kwina zenera laswedwa. Paliponse akuuzidwa kuti padutsa ansembe awiri, wamtali ndi wamfupi. Akuwapeza madzulo ku Hampstead Heath. Wamtaliyo ndi Flambeau wavala zaunsembe, ndipo wamfupiyo, Bambo Brown, ndiwo amachita zonsezi dala kuti apolisi awalondole. Mtandawo anautumiza kale pa positi ku Westminster.

Mphamvu ya nkhaniyi ili pa m'mene Bambo Brown anadziwira mbalayo. Anaona kuti mnzawoyo sakudandaula ngakhale khofi wake ali ndi mchere, kapena bilu yake itakwezedwa katatu, ndipo munthu wotere ndiye kuti akuopa kuonekera. Komanso wansembe wabodzayo, pofuna kumveka wopemphera kwambiri, anayamba kunyoza nzeru za munthu. Bambo Brown anadziwa pomwepo kuti uyu si wansembe, popeza Mpingo umaphunzitsa kuti chikhulupiriro sichilimbana ndi nzeru. Mbala kugwidwa chifukwa cholephera maphunziro a zaumulungu! Amene timaodzera m'kalasi ya chipembedzo tidziwe kuti tikhoza kudzagwidwa chimodzimodzi. Ndipo machenjerero onse a akuba, monga kusinthanitsa maphukusi, Bambo Brown anawamva kwa anthu odzalapa, ngakhale dzina la wolapa sakulitchula. Flambeau akudabwa kuona kuti wansembeyu akudziwa njira zina zoipa zimene iye, mbala yotchuka, sanazimvepo.

Koma nkhaniyi ili ndi chilema chachikulu. Msampha wonse wa Bambo Brown ukudalira mwayi. London ndi mzinda wa nyumba zodyera zosawerengeka, koma Valentin akulowa m'nyumba yeniyeni imene munali mchere m'mbale ya shuga, popanda chifukwa china koma kuti maonekedwe ake amukopa. Kenaka akukwera basi ulendo wautali, akungoyang'ana pa zenera, mpaka akuona galasi losweka lija. Akanayang'ana mbali inayo, bwenzi Bambo Brown atatsala okha kuthengo ndi chigawenga. Chesterton anachiona yekha chilemachi, ndipo anayesa kuchiphimba pofotokoza kuti pamene palibe polondola, Valentin amatsata zosayembekezeka. Mawuwo ndi okoma, komabe ine sanandikhutiritse. Nkhani yofufuza milandu imayenera kupatsa wowerenga mpata woti nayenso apeze yankho ndi nzeru zake. Pano wowerenga amadziwa msanga kuti wansembe wamtaliyo ndi ndani, ndipo chotsala ndi kungodikira kuti mtanda uli kuti. Chinanso, kuswa zenera ndi kuthira supu pakhoma la eni ake si khalidwe limene a Rekitala angaliyamikire.

Chodabwitsa n'chakuti polemba zonsezi Chesterton sanali Mkatolika. Analowa mu Mpingo zaka 12 pambuyo pake, pa 30 July, 1922, ku Beaconsfield kumene ankakhala, ndipo amene anamulandira anali Bambo O'Connor omwe aja. Mkazi wake anamutsatira mu 1926. Nkhani za Bambo Brown zinapitirira 50, ndipo m'nkhanizo Flambeau anasiya kuba nakhala bwenzi la wansembeyu. Zina mwa zomalizira ndi zofooka, chifukwa ankazilemba mothamanga ndalama zikachepa. Analembanso mabuku olemera monga Orthodoxy mu 1908, The Everlasting Man mu 1925, ndi mbiri ya Fransisko Woyera wa ku Assisi ndi ya Tomasi Woyera wa ku Aquino. Mu 1930 anzake olemba nkhani zofufuza milandu anamusankha kukhala pulezidenti woyamba wa Detection Club.

Chesterton anamwalira pa 14 June, 1936 ku Beaconsfield, ali ndi zaka 62, wosasiya mwana. Ena anapempha kuti Mpingo uyambe kufufuza za kuyera kwake, koma mu 2019 Episkopi Peter Doyle a ku Northampton anakana. Chimodzi mwa zifukwa zawo chinali mawu onyoza Ayuda amene amapezeka m'zolemba zake zina.